Kusankha fonti ya slab serif ya bold italic pa mitu ya nkhani ndi zikwangwani

Nabanda

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru zanu pa ntchito imene ndapatsidwa. Komiti ina yokonza mpikisano wa mpira wa ntchemberembaye m'boma lathu ikufuna posita ya A2, chinsalu cha mamita 3 chopachika pachipata cha bwalo, komanso kapepala ka masamba anayi kofotokoza ndondomeko ya masewero. Iwo anena momveka bwino kuti akufuna zilembo zonenepa, zokhala ndi mapazi okhuthala amakona anayi (mtundu wotchedwa slab serif) ngati a fonti ya Rockwell, ndiponso zopendekera kutsogolo kuti munthu akangoona amve kuti nkhani yake ndi ya liwiro. Mutu umene asankha ndi wakuti "Ng'oma Yalira: Mpikisano wa Ntchemberembaye Wayamba". Ine ndimakonda Roboto Slab chifukwa ndi yaulere ndipo imaoneka yaukhondo, koma ilibe italic, kutanthauza zilembo zake zopendekera. Kodi ndingoipendeketsa ndekha mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW, kapena ndifunefune fonti ina imene ili ndi bold italic (zilembo zonenepa zopendekera) yakeyake? Ndalama zogulira fonti sizili m'bajeti yawo.

Bambo Phiri

Mayi Nabanda, langizo langa ndi lakuti musaipendeketse. Pulogalamu ikamapendeketsa chilembo, imangokankhira mbali ya kumwamba kumanja, mbali ya pansi n'kutsala pomwepo, ndipo siyang'ana zimene zikuchitikira mizere ya chilembocho. Mzere umene unali wopendekera kale kumanja umaonda, pamene umene unali wopendekera kumanzere umanenepa. Pa fonti yopyapyala zimenezi sizioneka kwambiri, koma pa slab yonenepa zimaonekera patali, makamaka pa w, k, y ndi A. Tsono tayang'anani mutu wanuwo: muli w, muli k, muli y kangapo. Chilembo o nacho chimalemera kumwamba chakumanja ndi pansi chakumanzere, n'kumaoneka ngati gudumu la njinga limene lagunda mwala.

Wojambula fonti akamapanga italic yeniyeni amakonza chilembo chilichonse pachokha, amabweza kunenepa kumene kwatayika, amafupikitsa mapazi ena, ndipo nthawi zambiri amasinthiratu maonekedwe a zilembo monga a ndi f kuti zifanane ndi zolemba pamanja. Pa Google Fonts pali zaulere zingapo zimene zili ndi bold italic yojambulidwa: Zilla Slab, Bitter, Arvo, Aleo ndi Besley. Yambani mwayesa zimenezi.

Achimwene Mbewe

Ndikugwirizana ndi Bambo Phiri pa kapepala kamene anthu adzagwire m'manja, koma pa chinsalu cha pachipata ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Kuno ku Johannesburg ndakhala ndikukonza zinsalu za matimu a mpira a m'madera, ndipo ndaona kuti mutu ukalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, kusiyana kwa italic yeniyeni ndi yongopendeketsa kumachepa kwambiri, popeza zilembo zazikulu sizisintha maonekedwe ake mu italic monga zimachitira zazing'ono. Ngakhale mafonti otchuka ena amavomereza okha kuti ndi opendeketsa chabe. Mwachitsanzo ITC Lubalin Graph ili ndi Oblique, kutanthauza zilembo zomwezo zongopendeketsedwa, osati Italic. Munthu akapendeketsa pang'ono, mwina madigiri 8, amene akudutsa pamsewu sadzaona vuto lililonse.

Bambo Phiri

Achimwene, Oblique ya Lubalin Graph inakonzedwa ndi manja a katswiri, ndipo ndi chifukwa chake imagulitsidwa ngati fayilo yakeyake. Dzina ndi lofanana ndi zimene kompyuta imachita, koma ntchito yake si yofanana. Ndikuvomereza kuti madigiri 8 saononga kwambiri. Chimene sindikuchimvetsa n'chakuti munthu angasankhirenji chinthu choonongeka pang'ono pamene chabwinobwino chilipo kwaulere.

Nachisale

Ndiloleni ndiikepo mbiri pang'ono, chifukwa imathandiza kumvetsa chifukwa chimene mafonti ambiri a mtundu umenewu alibe italic, komanso kuti pali mabanja awiri osiyana amene a komitiwo mwina akuwaphatikiza m'maganizo mwawo.

Zilembo za slab serif zinayamba kuoneka ku London, m'buku la zitsanzo la Vincent Figgins lolembedwa chaka cha 1815. Zinapangidwira malonda, kutanthauza mapepala omata pakhoma ndi zolengeza, pa nthawi imene amalonda ankalimbirana maso a anthu odutsa m'misewu. Ntchito yake inali kufuula, ndipo zinkaikidwa pambali pa zilembo za mitundu ina pa pepala limodzi. Mu 1845 Robert Besley wa ku Fann Street Foundry analembetsa kuboma fonti ya Clarendon, imene mapazi ake amalumikizana ndi thupi la chilembo mokhota pang'ono. Clarendon inkagwiritsidwa ntchito kutsindika mawu ena pakati pa zilembo wamba, monga momwe ife timachitira ndi bold lero, kotero panalibe chifukwa chachikulu choipangira italic. Patapita zaka zoposa 100 ndi pamene Aldo Novarese anatulutsa Egizio ku Italy mu 1955 ili ndi italic, ndipo mu 2009 kampani ya Hoefler & Frere-Jones inatulutsa Sentinel pofuna kutseka mpata womwewo. Besley imene Bambo Phiri atchula, yojambulidwa ndi Owen Earl, ndi ya banja limeneli ndipo dzina lake inalitenga kwa Robert Besley yemweyo.

Banja lachiwiri linabwera pambuyo pake. Memphis ya Rudolf Wolf inatuluka ku Germany mu 1929, Stymie ya Morris Fuller Benton ku America mu 1931, ndipo Rockwell ya Monotype inatuluka mu 1934. Zimenezi zinamangidwa pa mizere yowongoka ndi zozungulira, mapazi ake amakumana ndi thupi pakona yakuthwa, ndipo kunenepa kwa mizere kumakhala pafupifupi kofanana paliponse. Banja limeneli ndi limene limavutika kwambiri likapendeketsedwa ndi pulogalamu, chifukwa diso limayembekezera kuti mzere uliwonse ukhale wofanana ndi unzake, ndiye kusintha kochepa kumagwidwa msanga.

Choncho Mayi Nabanda, musanasankhe fayilo, afunseni a komitiwo kuti akufuna mtundu uti. Wa Clarendon umamveka wachikale ndi wansangala, pamene wa Rockwell umamveka wouma ndi wamphamvu, ngati wa pafakitale. Pa masewero ine ndingapendekere ku wachiwiriwu, kapena ku mafonti a masiku ano amene ali pakatikati monga Zilla Slab ndi Bitter.

Nabanda

Zikomo kwambiri, Mayi Nachisale. Iwo anatchula Rockwell chifukwa ndi imene amaidziwa mu Microsoft Word, ndipo ndaona kuti Rockwell Bold Italic ilimo m'kompyuta yanga. Kodi pali chifukwa chondiletsa kungogwiritsa ntchito imeneyo?

Bambo Gondwe

Mayi, palibe chokuletsani, koma vuto mudzakumana nalo pa malo. Zilembo zozungulira za Rockwell ndi zotambalala, ndipo mapazi ake amatenga mpata kumbali zonse ziwiri za chilembo. Mawu akuti Ntchemberembaye ali ndi zilembo 15, ndipo mkati mwake muli m ziwiri, chimene ndi chilembo chachitali m'mbali kuposa pafupifupi zonse. Pa posita ya A2 yoimirira, m'lifupi muli masentimita 42 okha, ndipo mukachotsa mphepete mutsala ndi ochepera 40. Kuti liwu limodzilo likwane pamzere umodzi mudzakakamizika kuchepetsa zilembo mpaka kutaya mphamvu imene a komiti akuifuna. Ena akafika pamenepa amafinya zilembo m'mbali ndi pulogalamu, ndipo zotsatira zake zimakhala zoipa kuposa kupendeketsa kuja, chifukwa mizere yoimirira imaonda pamene mapazi ogona amakhalabe onenepa.

Apa ndi pamene ndikufuna kutsindika chinthu chimene ife olemba m'zilankhulo zathu tiyenera kumachita nthawi zonse. Zitsanzo zimene zimaonetsedwa pa masamba a mafonti ndi za mawu a Chingerezi, ndipo ojambula ambiri anakonza mipata ya pakati pa zilembo poyang'ana zilembo zimene zimatsatana kawirikawiri m'zilankhulo za ku Ulaya. Ife tili ndi kw, mw, nkh, ntch, mph, ndw, zw ndi ny pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Mu slab yonenepa, k ali ndi phazi lotuluka kumanja, w ali ndi mapazi kumwamba mbali zonse, ndipo zikakumana zili zopendekera, mapazi aja amagundana kapena kumatana n'kupanga chibuma chakuda. Mbali ina, pakati pa Y wamkulu ndi a, kapena W ndi a, pamatsala chibowo. Musasankhe fonti poona dzina lake lolembedwa bwino pa tsamba la intaneti. Lembani mutu wanu weniweniwo, muonjezere mawu monga nkhwangwa, kukwaniritsa, mphwayi ndi zamkhutu, kenako muwaike m'mafonti onse asanu pa tsamba limodzi, mudinde, mukhome pakhoma, mubwerere m'mbuyo masitepe angapo.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kuyesa. Choyamba ndi kachizindikiro ka mu ng' ndi m'. Mutu wanu ukuyamba ndi Ng'oma, kotero kachizindikiro kameneka kadzakhala pamalo oonekera kwambiri pa posita yonse. M'mafonti ena a italic kamakwera pamwamba pa g n'kumatirira, m'mafonti ena kamasiya mpata waukulu moti liwu limaoneka ngati mawu awiri. Onetsetsaninso kuti mwaika kokhota kaja osati kowongoka ka pa kiyibodi, chifukwa kowongoka kamaoneka kachilendo pakati pa zilembo zopendekera. Chachiwiri ndi chilembo ŵ. Ambiri sachilembanso m'Chichewa, koma alipo amene amafunabe Malaŵi alembedwe motero, ndipo kuno kumpoto m'Chitumbuka sitingalembe ŵanthu popanda icho. Mafonti ambiri ali nacho chifukwa chimagwiritsidwanso ntchito m'chilankhulo cha ku Wales, koma si onse, ndipo chikasowa, pulogalamu imatenga cha fonti ina mwakachetechete n'kuchiika pakati pa mutu wanu.

Achimwene Mbewe

Mfundo ya Bambo Gondwe ya mapazi ogundana ndi imene ikundichititsa kubwerera m'mbuyo pa zimene ndinanena za zilembo zazikulu zokhazokha. NTCHEMBEREMBAYE yolembedwa yonse m'zilembo zazikulu za slab yonenepa imasanduka mpanda wa mizere yoimirira, yokhala ndi mapazi olumikizana kumwamba ndi pansi, ndipo woyendetsa galimoto sangaiwerenge. Pa liwu lalitali chonchi, zilembo zazing'ono zimathandiza chifukwa t, h, b ndi y zimatuluka m'mzere n'kupatsa liwulo maonekedwe ake. Ndipo ngati tikugwiritsa ntchito zazing'ono, ndiye kuti italic yeniyeni ndi yofunikadi. Ndikuganizabe kuti pa mawu aafupi, monga dzina la timu la zilembo zisanu kumsana kwa jezi, kupendeketsa pang'ono si mlandu.

Bambo Mwale

Ine ndili ku makina osindikizira, ndiye ndilankhula za zimene zimachitika fayilo ikafika kwa ife.

Chinsalu cha PVC chosindikizidwa pa makina aakulu sichivuta. Inki imakhala pamene yaikidwa. Vuto limakhala pa kapepala ka masamba anayi, makamaka ngati a komiti asankha pepala lotchipa limene limamwa inki. Inki ikayenderera pang'ono, mabowo a mkati mwa a ndi e amachepa, ndipo m'fonti yonenepa kwambiri amatsekeka ndithu. Liwu lanu lija lili ndi e anayi. Choncho kulemera kumene kukuoneka bwino pa chinsalu kungakhale kopitirira pa timitu ta m'kapepala. Ubwino wa Bitter ndi Besley ndi wakuti zili ndi makulidwe ambiri a kunenepa kwa zilembo mpaka Black, yonenepa kwambiri, zonse ndi italic yake, kotero mungathe kuika Black Italic pa chinsalu, Bold Italic pa posita ndi SemiBold Italic pa timitu tating'ono, ntchito yonse n'kuonekabe ya banja limodzi. Zilla Slab imathera pa Bold, zimene ndi zokwanira pa ntchito zambiri, koma mudziwiretu ngati a komiti angadzapemphe yakuda kuposa pamenepo. Musadzawonjezere mzere wozungulira chilembo kuti chinenepe, chifukwa umadya mabowo aja ndi kuphwanya makona a mapazi.

Ngati mutu udzakhale woyera pa malo akuda kapena a buluu wothima, tsegulani mipata ya pakati pa zilembo pang'ono, ndipo pa kapepala musatsike kwambiri pa kukula kwake. Ngati pambuyo pake adzafune masitika odulidwa kapena malaya a vinyl, kumbukirani kuti mnyamata wochotsa zotsalira ndi kampeni ayenera kutola kachidutswa kalikonse ka mkati mwa e ndi ka pakati pa mapazi a m. Timipata timeneto tikakhala topapatiza, amang'amba phazi la chilembo, ndipo makona akuthwa a slab ndi amene amayamba kumatuka malaya akachapidwa.

Pomaliza, potumiza fayilo sandutsani zilembo za mutu zikhale ma curves, kutanthauza zojambula wamba zosafunanso fonti (mu CorelDRAW dinani Ctrl ndi Q), kapena tumizani PDF imene mafonti ali mkati mwake. Mwezi wathawu kunabwera fayilo ya chinsalu cha sukulu ina imene fonti yake ife tinalibe, makina anaika ina m'malo mwake n'kuipendeketsa okha, ndipo mwamwayi tinaona tisanadinde. Sungani fayilo ina imene zilembo sizinasandutsidwe, chifukwa makomiti amasintha tsiku la masewero nthawi ina iliyonse.

Nachisale

Ndikufuna kuwonjezera za chilolezo, popeza Rockwell yatchulidwa. Imene ili m'kompyuta yanu inabwera ndi Microsoft Office ndipo mwini wake ndi Monotype, kotero si yoti muikopere pa flash disk n'kupatsa osindikiza kapena kuiika pa webusaiti ya komiti. Zilla Slab, imene Typotheque inajambulira Mozilla mu 2017, ndiponso Bitter ya Sol Matas ndi Arvo ya Anton Koovit, zili pansi pa chilolezo cha SIL Open Font License, chimene chimalola kuzigwiritsa ntchito pa malonda ndi kuzigawa, bola musagulitse fontiyo payokha. Kwa ife amene mafayilo athu amayenda kuchoka kwa wojambula kupita kwa kasitomala mpaka kwa wosindikiza, ufulu umenewu ndi waukulu.

Achemwali Namwali

Pepani kulowerera, ine ndangoyamba kumene ntchito imeneyi. Ngati fonti ndi yabwino chonchi, n'chifukwa chiyani munthu asalembe posita yonse ndi bold italic imeneyo, kuyambira mutu mpaka malo ndi nthawi, kuti zonse zioneke zamphamvu?

Bambo Phiri

Achemwali, funso lanu ndi labwino ndipo ambiri amachita zimenezo. Bold italic ya slab ili ndi zinthu zitatu zokopa maso nthawi imodzi: kunenepa, kupendekera ndi mapazi okhuthala. Mphamvu yake imaoneka pokhapokha pambali pake pakakhala zilembo zodekha. Zonse zikafuula mofanana, woyang'ana sadziwa poyambira, ndipo tsiku ndi malo, zimene ndi zofunika kwambiri kwa munthu wofuna kubwera, zimasokonekera m'phokosomo. Pa posita ya Mayi Nabanda ine ndingaike mawu awiri okha akuti Ng'oma Yalira mu bold italic yaikulu, mzere wachiwiri mu fonti yomweyo koma yowongoka ndi yocheperapo, ndipo tsiku, malo ndi mtengo wolowera ndingazilembe mu fonti yopanda mapazi monga Fira Sans kapena Source Sans. Kugawa kotereku kukuthetsanso vuto la malo limene Bambo Gondwe anena, chifukwa liwu lalitali lija silikhalanso pa mzere waukulu.

Nyuzipepala zimachita chimodzimodzi. The Guardian ya ku Britain itasintha maonekedwe ake mu 2005 inatenga Guardian Egyptian ya Paul Barnes ndi Christian Schwartz, ndipo chimene chinkaipatsa mphamvu chinali kusinthasintha makulidwe a banja limodzi molingana ndi kulemera kwa nkhani, osati kuika chonenepa kwambiri paliponse.

Bambo Gondwe

Kwa amene adzaike chilengezochi pa intaneti, dziwani kuti mapulogalamu otsegulira masamba nawonso amapendeketsa okha. Mukaitanitsa Zilla Slab Bold yokha kuchokera ku Google Fonts koma m'tsamba mwanu n'kulamula italic, pulogalamuyo idzapanga yonamizira ngakhale yeniyeni ilipo. Muyenera kuitanitsa fayilo ya bold italic mwachindunji, ndipo mu CSS, malamulo a maonekedwe a tsambalo, mukhoza kulemba font-synthesis: none kuti kunamizirako kulekeke. Pa chithunzi chotumiza pa WhatsApp, chiyang'aneni pa foni yaing'ono musanatumize, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi ndipo timipata ta pakati pa mapazi timafufutika.

Bambo Mwale

Ndinaiwala manambala. Posita ya mpikisano siikhala yopanda mphoto, ndipo a komiti adzafuna ndalamazo zioneke zazikulu. Lembani K2,000,000 ndi 14:30 m'fonti iliyonse imene mukuyesa. Mafonti ena amabwera ndi manambala okwera ndi otsika ngati zilembo zazing'ono, amene amakongola m'ndime koma pafupi ndi K wamkulu amaoneka osalongosoka, ndipo muyenera kusankha ofanana msinkhu m'zosankha za OpenType, zosankha zapadera za mkati mwa fayilo ya fonti, ngati fontiyo ili nawo. Pa chinsalu, olemba zikwangwani amayendera muyeso wakuti inchi 1 ya kutalika kwa chilembo iwerengeke bwino pa mtunda wa mafiti 10, ndipo pa zilembo zopendekera ndi zothinana ngati zimenezi ine ndimawonjezerapo ndithu. Yezani mtunda wochoka pamsewu kufika pachipata musanasankhe kukula kwa mzere wachiwiri.

Nabanda

Ndachita monga Bambo Gondwe analangizira: ndalemba mutu, mawu oyesera aja ndi manambala m'mafonti onse asanu pamodzi ndi Rockwell, ndadinda pa A3 ndipo ndakhoma pakhonde. Besley Italic ndi yokongola kwambiri, koma timipira ta kumapeto kwa a, r ndi y tikuipatsa maonekedwe a chikondwerero cha kale, osati a masewero, kotero ndaisungira ntchito ina. Rockwell yatenga malo ochuluka monga mwanenera. Zatsala ziwiri, Zilla Slab Bold Italic ndi Bitter, ndipo ndikupendekera ku Bitter chifukwa cha makulidwe amene Bambo Mwale afotokoza: ExtraBold Italic pa chinsalu ndi posita, SemiBold Italic pa timitu ta m'kapepala. Ng'oma Yalira ikhala yokha pa mzere waukulu, ndipo mipata ya pakati pa g, kachizindikiro kaja ndi o, komanso ya pakati pa Y ndi a, ndiikonza ndi manja. Mawa ndikupita nazo zonse ziwiri kwa a komiti zitadindidwa pa pepala, kuti asankhe ataona ndi maso osati pa foni. Bambo Mwale, kodi pa chinsalu cha mamita 3 ndisiye mphepete yotani kuti timphete tomangira zingwe tisadye zilembo?

Bambo Mwale

Siyani masentimita 5 mbali zonse popanda chilembo chilichonse, ndipo mufunse osindikiza anu ngati kupinda kwa m'mphepete akuwerengera mkati mwa mamita 3 aja kapena kunja kwake. Kumbali ya kumanja wonjezerani pang'ono, chifukwa zilembo zopendekera zimaoneka ngati zikukankha mphepete ya mbali imeneyo, ndipo mutu ukaikidwa pakatikati ndi muyeso wa kompyuta, diso limauona ngati wasunthira kumanja. Ukokereni kumanzere pang'ono mpaka mipata iwiriyo ioneke yofanana mutaima patali.